Mbewu ya pamwamba pa moto

Adzukulu anga, makolo athu a kuno ku Balaka ndi ku Machinga sankatchula chaka chawo chobadwa ndi manambala. Ukafunsa gogo kuti munabadwa liti, ankayankha kuti, "Dzombe litangodutsa," kapena, "Njala yaikulu inandipeza ndili ndi mwana kumsana." Mavuto ndiwo anali kalendala yawo. Tonse tinali boma limodzi kwa zaka zambiri, lomwe poyamba linkatchedwa Kasupe, kenako Machinga, mpaka Balaka idzapatulidwe mu 1998. Malire a boma anasintha, koma dziko silinasinthe khalidwe. Kumbali ya Phalula, Utale ndi Nkaya ndi chigwa chotentha cha milambe, kumene mvula imafika mochedwa n'kuthawa msanga. Kumbali ya Chilwa ndi Chiuta ndi madambo otambalala, kumene madzi akabwera amabwera ndi mtima wonse, ndipo dzombe lofiira limaswana komweko. Chaka chimodzi chomwecho munthu akhoza kulira dzuwa mu Januwale n'kuliranso madzi mu Marichi.

Masiku ano ndimamva ana anga a m'makomiti akukamba za ndondomeko zothandiza anthu kupirira ngozi zogwa mwadzidzidzi. Amakamba bwino, ndipo ena a iwo agwira ntchito yopulumutsa miyoyo. Koma ndondomeko si chinthu chachilendo kuno. Makolo anali nayo yawo, yosalembedwa, ndipo ine ndinakula ndili m'kati mwake. Ndinaiona ikugwira ntchito, ndinaionanso ikusweka.

Inkayambira m'munda. Munda wa amayi sunali wa chimanga chokha ayi. Pakati pa mapesi pankakhala nandolo, khobwe, nzama, maungu ndi nkhaka, ndipo m'mbali munali mapira. Chimanga chikafota ndi ng'amba, mapira ankangopinda masamba n'kudikira, mvula ikagwanso ankadzuka. Nandolo sasamala za dzuwa, mizu yake imapita kutali. Kuseri kwa munda kunali chigawo cha chinangwa chomwe sichinkakumbidwa mwachisawawa, chinali nkhokwe ya pansi pa nthaka. China chinkasendedwa n'kuyanikidwa kukhala makaka. Masamba a maungu ndi a khobwe ankafutsidwa, kuyanikidwa pamphasa, n'kukulungidwa m'chikwatu chomwe chinkapachikidwa kudenga. Chimanga chathu chinali chamakolo, cholimba njere, chosafumbwa msanga, ndipo chinkalowa m'nkhokwe ndi makoko ake. Mayi wochenjera sankatsegula nkhokwe yatsopano yakale isanathe.

Koma chinthu chomwe ndikufuna muchione bwino ndi ichi. Pokolola, chimanga chisanakwere m'nkhokwe, amayi ankakhala pamulu n'kumasankha. Ankatenga chitsononkho chachikulu, n'kusenda makoko pang'ono kuti aone ngati mizere yake ndi yowongoka ndiponso yodzaza mpaka kunsonga. Chikawakomera ankabwezera makoko kumbuyo, n'kumanga ziwiriziwiri, n'kukazipachika pamtanda wa pamwamba pa moto. Kumeneko zinkakhala miyezi yonse ya chilimwe zikusuta utsi, mpaka kuda bii ndi mwaye, ndipo anankafumbwe sankayandikira. Pambali pake pankalendewera ngala za mapira. Mbewu ya khobwe ndi ya nzama inkasakanizidwa ndi phulusa, n'kuthiridwa mumtsuko, pakamwa pake n'kumatapo dothi. Ife ana tinkatha kuba mtedza, kuba uchi, kuba nzimbe, n'kungokalipidwa. Koma kukhudza za pamwamba pa moto kunali mlandu wina, wofika kwa atsibweni.

Kenako panali chibale. Kuno ndi kwa chikamwini, kwa Ayao, Amang'anja ndi Alomwe omwe anabwera kuchokera ku Mozambique. Munda ndi nkhokwe zinali za mkazi, ndipo mwini mbumba, mlongo wake wa amayi, ndiye ankayang'anira kuti m'mbumba mwake musagone munthu ndi njala wina ali ndi chakudya. Madzulo akazi a pabwalo limodzi ankabweretsa nsima pamodzi, ana onse n'kudyera limodzi, motero nyumba yomwe ufa watha inkadziwika popanda kuulula. Wodwala kapena wamasiye ankafulula mowa kapena thobwa, anthu n'kudzamulimira tsiku limodzi munda wonse n'kutha. Chaka chikavuta ndithu, anthu ankapita kokasuma. Kusuma kunali ndi njira zake zodziwika. A kuchigwa ankakwera kumtunda ku Ntcheu, kwa Angoni, kumene mvula sikanika kawirikawiri, atanyamula nsomba zouma, mphasa, nkhuku kapena mbuzi. A kwa Kawinga ndi kwa Nyambi ankawoloka kupita kwa abale awo tsidya la malire. Ukafika unkapereka malonje, n'kugwira ganyu masiku angapo, n'kubwerera ndi dengu pamutu. Sankakubweza wopanda kanthu, chifukwa ankadziwa kuti kupatsa n'kuika. Chaka china iwowo ndi amene adzatsikira kwa iwe.

Analinso anthu odziwa kuwerenga dziko lawo. Mango akachita maluwa mopitirira, akuluakulu ankagwedeza mutu n'kuuza akazi kuti achepetse kufulula mowa. Mvula ikachedwa, ankapita pansi pa mtengo wa msolo ndi ufa wa nsembe, pomwe Asilamu ankasonkhana mumzikiti ndipo Akhristu m'tchalitchi. Mkamwini watsopano akafuna pomanga nyumba, amfumu ankamuyendetsa n'kumuonetsa kuti apa ayi, m'chaka chakuti madzi a Rivirivi anafika pompano. Nyumba zinkamangidwa pamtunda, dimba lokha ndilo linkatsikira kumtsinje, ndipo bango ndi mitengo ya m'mphepete zinkasiyidwa. Madzi saiwala khwawa, ankatero, ndipo sankanena ngati mwambi wokometsera nkhani. Ankaloza ndi chala pomwe khwawalo lili.

Zonsezi zinayesedwa mu 1949. Ine ndinali kamwana koingitsa mbalame m'mapira, koma zina sizichoka m'maso. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, anthu n'kudzala, chimanga n'kumera. Kenako kumwamba kunayera. Anthu anadzalanso kachiwiri, ena kachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri anathera mbewu yawo. Chilala chinakuta chigawo chonse cha kummwera. Miyezi yoyamba anthu anadya zakale, kenako makaka, kenako madeya ndi gaga. Mbuzi zinagulitsidwa pamtengo wa nkhuku. Pofika kumapeto kwa chakacho tinkadya mango aawisi ophika, ufa wa malambe, bwemba, ndi mpama wa kutchire. Mpama uli ndi ululu. Umafunika kuusenda, kuudula tizidutswa, kuuwiritsa n'kutaya madzi kangapo, ndipo agogo aakazi okha ndiwo ankadziwa mtundu wodyedwa ndi mtundu wakupha. Kumene kunalibe nkhalamba yodziwa, kunachitika maliro.

Boma la atsamunda, pansi pa bwanamkubwa Geoffrey Colby, linaitanitsa chimanga kuchokera kunja, china n'kumabwera pa sitima, ndipo kumayambiriro kwa 1950 linatsegula misasa yodyetserako anthu amene anali atatupikana. Chithandizocho chinapulumutsa ambiri, sindingakane. Koma chinkayenda ndi maganizo akuti mkazi wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa. Apo ndi pomwe panali chilonda. Amuna ambiri anapita kokasuma osabweranso. Ena anakapeza banja lina kumene kunali chakudya, ena anabwerera kwawo kwa amayi awo, chifukwa mkamwini pamudzi wa eni amadziona ngati mlendo. Ena anali kale ku Halale ndi ku Joni, ndalama osatumiza. Mayi Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale, anadzalemba buku la njala imeneyi mu 1987 atacheza ndi amayi a m'boma la Blantyre, ndipo zomwe amayiwo anamuuza za kuthawidwa ndi amuna ndi zomwe ife tinaona kunonso. Kudyera limodzi pabwalo kunatha. Nsima inayamba kuphikidwa usiku, chitseko chili chotseka. Amene anafa anali okalamba opanda ana pafupi, ana aang'ono, ndi akazi opanda mlongo wowaimira. Ndikunena izi kuti musamaganize kuti kale zonse zinali bwino. Ndondomeko ya makolo inali yolimba pa chilala cha mudzi umodzi kapena chigwa chimodzi. Chilala chikakuta dziko lonse, wokasuma ndi wosumidwa onse ali manja lende, inkaduka, ndipo inkadukira pa munthu wofooka.

Amayi anga anatsala okha ndi ife. Panatsala zitsononkho zochepa pamtanda paja, ndi kamtsuko kamodzi ka khobwe. Usiku wina mlongo wanga wamng'ono akulira mosalekeza, azakhali anati, "Achemwali, tsitsani chimodzi chokha mumukazingire mwanayu." Amayi anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kuyankha kuti, "Ndikatsitsa lero, mawa nditsitsanso." Anatuluka n'kukapempha madeya kwa anansi. M'mawa mwake anachotsa mbewu yonse n'kukaisungitsa kwa atsibweni, kuti manja awo omwe asaifikire. Mvula itagwa, ife tinadzala tsiku lomwelo. Amene anadya mbewu yawo anayamba ndi kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze yodzala, minda yawo ikumera udzu. Anadzala mochedwa, anakolola pang'ono, ndipo njala yawo inatenga zaka ziwiri pomwe ya anzawo inatenga chimodzi. Amayi anagawako kambale kambale kwa akazi a mbumba yathu, ndipo mtundu wa chimanga chimenecho unakhala pamudzi pathu zaka zambiri.

Kuyambira pamenepo ndimayeza ngozi iliyonse ndi funso limodzi: mvula yoyamba itagwa, anthu anali ndi chodzala m'manja?

Asodzi a ku Chilwa amalidziwa funso limeneli m'njira yawo. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, anthu n'kumayenda pansi pomwe ankapalasa bwato. Asodzi anabalalika, ena ku Chiuta, ena ku Malombe, ena n'kubwerera ku khasu. Koma matemba, makumba ndi milamba sizithera limodzi ndi madzi. Zotsala zimabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Domasi ndi Likangala. Munthu wanjala akhoza kuthira katupe padziwe limodzi n'kutola zonse tsiku limodzi. Mu 1995 mafumu, asodzi ndi alangizi a za nsomba anagwirizana zoteteza maiwe amenewo, n'kukhazikitsa makomiti owalondera. Madzi atabwerera, nsomba zinatsika n'kuswana, nyanja n'kudzalanso. Anthu amenewo anali ndi njala, nsomba akuziona ndi maso, koma anazisiya. Ndimawapatsa ulemu womwe ndimapatsa amayi anga.

Za boma nazo zinakula pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri zinkakula pambuyo pa maliro. Dziko litalandira ufulu kunabwera ADMARC mu 1971, misika yake n'kufika m'midzi, ndiponso nkhokwe zikuluzikulu za ku Kanengo. Anthu anayamba kudalira kuti chimanga chikatha kunyumba chikapezeka kumsika. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'mapiri a ku Phalombe n'kukokolola midzi, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyamba lokonzekera ngozi ndi kupereka chithandizo. Chaka chotsatira, 1992, kunagwa chilala choopsa kummwera konse kwa Africa, tili ndi alendo ambirimbiri othawa nkhondo ya ku Mozambique. Tinapulumukira chimanga chachikasu chochokera kunja. Nsima yake inali yachilendo pakamwa, koma maliro sanachuluke ngati a 1949.

Chaka cha 2002 ndicho chinatitsegula maso. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, zokolola za 2001 zinali zochepa, ndipo mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Pulezidenti Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, analengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi. Anthu anadya mizu ya nthochi ndi deya wosakaniza ndi zinthu zosadziwika. Akazi ankagona pamzere kumsika kudikira makilogalamu ochepa. Ine chinandipweteka kwambiri n'chakuti panthawiyo minda yambiri inali ya chimanga chokhachokha, mapira atasiyidwa, chinangwa chitachepa, ndipo agogo odziwa mpama anali atapita. Nkhokwe ya kutali inatigwiritsa mwala, ya pakhomo tinali titaipasula kale. Umbava unakula, anthu anayamba kukolola chimanga chosakhwima, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ambiri amasunga m'matumba kuchipinda chogona. Sindiwadzudzula. Koma thumba la kuchipinda salidziwa mnansi, ndipo mwini mbumba sadziwanso nyumba yomwe ufa watha.

Lero zinthu zili ndi maina ndi maofesi. Kuli nthambi ya boma yoona za ngozi, DoDMA, ndipo pansi pake pali makomiti a paboma, a kwa mfumu yaikulu, mpaka a m'mudzi. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, Machinga ndi Balaka ali momwemo, anthu oposa 200,000 n'kusowa pokhala m'dziko muno. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa mfundo zake zoyendetsera nkhani za ngozi, ndipo maiko a dziko lonse anagwirizana ku Sendai, ku Japan, kuti ndalama ndi nzeru zizipita kokonzekera ngozi isanagwe. Kenako kunabwera chilala cha 2016, mbozi za ntchemberezandonda mu 2017, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndi kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Marichi chaka chomwecho n'kufalikira dziko lonse. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lija la 1991. Mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Agogo anga anaona njala zikuluzikulu zowerengeka moyo wawo wonse. Mwana wobadwa mu 2010 waona kale zochuluka kuposa iwo, ndipo mpata wopumira pakati pa ngozi ndi inzake wachepa.

Pali zomwe ana a lero akuchita bwino kuposa ife. Uthenga wa anyengo umafika pa wailesi ndi pafoni masiku angapo namondwe asanafike. A komiti amayenda ndi chimkuzamawu ndi wenzulo usiku kudzutsa anthu, amadziwa sukulu kapena tchalitchi chothawirako, amayamba kunyamula okalamba ndi olumala. Kale madzi ankatipeza m'tulo. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Machinga inali m'gulu la maboma oyambirira kumulandira, amafikira ndendende anthu aja amene ndondomeko ya makolo inawataya mu 1949: gogo wolera ana amasiye, mayi wopanda womuimira. Banki m'khonde yapatsa akazi pothawira posagulitsa mbuzi. Ku Balaka kuno, kuyambira 2015, bungwe la WFP linayambitsa inshuwalansi ya mbewu, yomwe mlimi wosauka ankatha kulipira ndi ntchito ya manja ake, monga kukumba ngalande zokolola madzi ndi kudzala mitengo, kuti mvula ikaperewera alandire kandalama. Zimenezi ndi nzeru zabwino, ndipo ndimakondwa kuti ndakhala ndi moyo mpaka kuziona.

Chomwe chimandidetsa nkhawa chimabwera madzi ataphwa. Matenti amapasulidwa, ana amabwerera m'makalasi, magalimoto a chithandizo amapita kwina kumene kwavuta. Munthu amabwerera pabwinja ndi thumba la ufa, ndowa ndi bulangeti. Ufa umatha m'masabata ochepa. Chinyezi cha m'dambo, chomwe chikanamupatsa chimanga cha kudimba, mbatata ndi nyemba, chimauma iye akudikira mbewu. Chimanga cha haibulidi chimabereka kwambiri chaka chabwino, ndimachidzala nanenso, koma mbewu yake imafuna kugula chaka ndi chaka, ndipo munthu amene madzi amutengera zonse alibe chogulira. Ndaona mbewu yachithandizo ikufika anthu ena akupalira kale. Ndaonanso anthu akumanganso nyumba pakhwawa pomwe paja, osati chifukwa cha kusamva, koma chifukwa malo achepa ndipo palibe amene anawaonetsa pena. Mitengo ya m'mapiri a Chikala ndi m'nkhalango ya Liwonde ikutsika m'matumba a makala, madzi n'kumatsika pambuyo pake ndi mchenga wokwirira minda. Wootcha makalayo nayenso nthawi zambiri ndi munthu amene munda unamukanika chaka chatha.

Kwa inu a m'makomiti a m'midzi, ndi inu mafumu anga, pempho langa ndi ili. Musadikire Disembala. Pokolola pomwe, mudzi uliwonse upatule mbewu yake: chimanga chamakolo, mapira, nandolo, khobwe, nzama, ndipo isungidwe pamtunda, m'manja mwa amayi okhulupirika, olemba bwino amene wasungitsa ndi amene wabwereka. Pakhale munda wa mbewu ya chinangwa ndi ya mbatata pamalo pomwe madzi safika, chifukwa zimenezi sizisungika mumtsuko. M'kaundula wanu wa anthu ofooka muyambe ndi mayi amene alibe mlongo pamudzi. Ndipo tikadali moyo ife okalamba, titengeni tiyende nanu m'mbali mwa Rivirivi, Shire ndi Domasi, tikulozereni pomwe madzi anafika m'zaka zomwe inu munali musanabadwe, mukhomepo zikhomo ndi kulemba m'mabuku anu.